Mmene Ndinawongolera Dishi ya a Saidi

Wokondedwa mdzukulu wanga Limbani,

Amene akukulemberayu ndi Mkulu wa Zamlengalenga wa Nsaru yense, ndiye kuti ine agogo ako. Kuno tonse tili bwino, bondo lokha ndilo likuchita mwano. Kaya iwe kutaliko?

Paja unati kampani yanu inayamba ndi kukonza mawailesi m'kashedi, lero ikupanga zipangizo za masetilaiti. Nkhaniyi ndinaifalitsa mpaka inandibwerera. Loweruka mphepo inapotoza dishi ya TV pagolosale ya a Saidi, mpira uli pafupi kuyamba. Iwo amvekere, "Madala, mdzukulu wanu ndiye amapanga zimenezi, eti? Tikonzereni, apo ayi mumatinamiza."

Dzina lako likanathera pomwepo! Ndinaigwira dishi ija n'kumaitembenuza pang'onopang'ono, anthu m'katimo akukuwa, "Yabwera! Yapita! Bwezani, madala!" Kenaka chithunzi chinangoti ngwee. Anandinyamula m'mwamba mpaka kumsika, amayi akululutira.

Unditumizire chipewa cha kampani yanuyo kuti anthu azindiopa. Mulungu akusunge, adalitsenso manja akowo.

Ndine agogo ako,
Chimbalanga

Zondinyamulazo ndapeka. A Saidi anangondipatsa mpando wakutsogolo, koma unali wotsamira.