Chimphona ndi Tizilombo ta M'wodi ya Makanda

Lolemba, 9 Juni
Ndidakali pamzere. Chimphona, kompyuta yathu yodzaza chipinda chonse ija, chikutafunabe ntchito ya Bambo Mitambo a zanyengo. Ine ndangokhala phee ndi DNA ya tizilombo tosamva mankhwala, tochokera m'wodi ya makanda. Adokotala a ana akufuna kudziwa ngati n'tamtundu umodzi, ndiponso komwe tikuchokera. Ndawauza kuti mawa. Bodza lenileni.

Lachiwiri, 10 Juni
Ndinakagwada kwa Bambo Mitambo. Akuti, "Achemwali, mvula sidikira munthu." Nanga khanda limadikira? Mawuwo ndangowameza.

Amayi aimba foni. Azakhali awauza kuti ntchito yanga ndi ya majini, ndiye akufuna kubwera ndi abusa. Ndawafotokozera kuti majini ake ndi a m'maselo, osati ziwanda. "Bola uzipemphera," atero.

Lachitatu, 11 Juni
Ntchito yanga inalowa m'Chimphona m'mawa. Masana makina oziziritsa afa, chipinda chatentha ngati uvuni, Chimphona n'kudzizimitsa chokha. Zonse zapita. Amisiri akuti chitsulo chake chibwera. Liti? Angokweza mapewa.

Sukulu yonse ija ndinaphunzirira kudikira basi.

Lachinayi, 12 Juni
Khanda lina lamwalira. Adokotala sanandikalipire. Bola akanatero.

Lachisanu, 13 Juni
Makina akonzedwa, koma mzere wayambiranso, ine kumchira. Ndinalowa mu ofesi ya abwana osagogoda. Zomwe ndinalankhula sindikuzikumbukira bwino, kungoti sekilitale anatseka chitseko. Abwana akuti malamulo ndi malamulo, aliyense ntchito yake ndi yofunika. Potuluka ndinapeza Bambo Mitambo pakhonde, kapu ili m'manja. Anamva zonse. Sanandiyang'ane n'komwe, koma nditafika padesiki ndapeza ntchito zawo zonse aziimitsa.

Sindinawathokozebe. Mtima udakali m'mwamba.

Loweruka, 14 Juni
Zatuluka! Tizilombo ta ana onse n'tamtundu umodzi, tofanana ndendende ndi tomwe anesi anapala m'paipi ya sinki ya pakona m'wodimo. Sinki yomwe aliyense amasambapo m'manja asanagwire mwana. Ndabwereza kuwerengetsa, yankho lomwelo.

Akuluakulu a chipatala akuti komiti yokambirana nkhaniyi ikumana Lachitatu. Lachitatu!

Lamulungu, 15 Juni
Adokotala anaimba m'mawa. "Komitiyo idzatipeza tasamuka. Bwerani, manja akuchepa."

Zaka zonsezi m'wodi sindinalowemo, anawa ndimawadziwa ndi manambala a pa kompyuta. Sinki anaikulunga kale ndi pulasitiki wakuda. Anesi anandiveka magolovesi n'kundipatsa kabedi koti ndikankhire ku chipinda china. Mkatimo kamtsikana, kaphazi kake ngati chala changa. Mayi ake ankayenda pambali atagwira botolo la diripi m'mwamba.

"Pang'onopang'ono, anesi," anatero. "Wangogona kumene."

Sindinawauze kuti si ine nesi. Ndinachepetsa liwiro.