Kusamba Fumbi

Lachisanu, Novembala. Kwatentha koopsa, mutu ukuwawa.

Zisakasa zikuchulukirachulukira pano pamene panali nyanja. Aliyense akulondola madzi amene akuthawa, mpaka tamanga tauni pamatope ouma. Chitsime chathu chija chaphwa m'mawa.

Nthawi ya mapemphero a Juma itakwana, tinasowa madzi osamba tisanaswali. A Shehe anati, "Abale anga, menyani manja padothi, mupake kumaso. Anzathu a m'chipululu amatero, n'zololedwa."

Ndinawerama. M'dothimo munali minga ya matemba. Pamalo omwewo m'pamene malemu bambo anandiphunzitsa kukoka khoka, madzi akundilekeza m'khosi.

Ndaswali, koma mtima unali kwina. N'zololedwa, inde, sindikutsutsa. Koma ine, mwana wa ku Chilwa, kusamba fumbi pakati pa nyanja! Bola bambo anapita asanaone...