Idalina Wakana Chikho Changa

Lolemba, 6 Meyi

Ayambanso. Pageti la chipatala apachika chinsalu: katemera wa chimfine, ayambe ndi ogwira ntchito. Licenciada Zunilda, namwino wa katemera, wayika tebulo lake m'khonde penipeni, podutsa ife a machira, kabokosi kake kozizira kali pambali. Ndikudutsa ndi wodwala, ati, "Don Crispín, mkono." Ndati mikono yonse iwiri ili pa ntchito. Waseka. Ine sindinaseke.

Dzanja lomwelo ndi limene linabaya mwana wanga Idalina atangolembedwa unamwino pano. Wa chiwindi, wa chimfine, wina dzina sindilidziwa, kumangobaya ngati ng'ombe za ku famu. Chaka chisanathe zala zinatupa, tsitsi kutsalira pa pilo, masaya psuu ngati wapsa ndi dzuwa. Ati lupusi. Ati asilikali a m'thupi asokonezeka, akumenya mwini wake. Nanga anawasokoneza ndani? Sukulu ndinalekera panjira, inde, koma mwana ndinawapatsa wathanzi. Mpaka lero palibe anabwera kudzanena pepani.

Lachiwiri, 7 Meyi

Tereré, tiyi wathu wozizira womwera chikho chimodzi ndi kapaipi kamodzi, kuseri kochapira, pansi pa mango. Ine, Ña Petrona mayi wokolopa, Anastacio wa ambulansi ndi anamwino awiri a ku wodi ya ana. Kutentha ngati si Meyi. Anastacio ndiye amathira madzi, chikho nkumazungulira.

Nkhani inali ya tebulo la Z., Zunilda uja. Namwino wina ati chaka chatha mkono unamulemera sabata yathunthu. Mnzake ati anamva za mayi wina amene miyendo inafooka atabaya, koma kumene zinachitikira sakudziwa. Ati, "Ife timabaya ana tsiku ndi tsiku, koma zikafika pa mkono wako mtima umagunda ndithu."

Ña Petrona ati iwo abaya kale, kwawo kuli zidzukulu zodzadza nyumba.

Anastacio: "Tiyeni timve kwa Dokotala Crispín, katswiri wamkulu wa mawilo a machira."

Anaseka onse. Ine ndinangoti, "Mukafuna umboni kaonenitu zala za Idalina." Kenako Anastacio ati basi, iyenso sabaya. Namwino mmodzi uja ati aganiza kaye.

Ndinamva kukoma. Ndilembe zoona, ndinamva kukoma.

Lachinayi, 9 Meyi

Pakhosi pakukanda. Fumbi.

Lachisanu, 10 Meyi

Wina wakamuuza Idalina. Wandipeza ndikupukuta machira, wanditengera pakona ngati ndine mwana wa sukulu.

Ati, "Papá, matenda anga musamayende nawo m'makhonde ngati fano la woyera pa tsiku la chikondwerero."

Ndati ndikuchenjeza anthu. Ati iye wabaya kale, Lolemba lomwe lija, dokotala wake ndiye anamuuza. Kwa Z. yemweyo! Galu akakuluma umabwereranso kukamupatsa mwendo wina?

Wandifotokozera zambiri, zina zandidutsa. Chimene ndagwira nchakuti mapiritsi amene amamwa amagoneka asilikali aja kuti asamumenye, ndiye akagona, chilichonse chimalowa. Katemera mwa iye sagwira mwamphamvu ngati mwa ena. Ati, "Mpanda wanga ndi anthu amene ndimakhala nawo pafupi. Inu ndinu mpanda, Papá, koma wogumuka."

Ndinatsokomola pomwepo, mwatsoka. Anandiyang'ana, nkubwerera m'mbuyo pang'ono. Pang'ono pokha, koma ndinaona.

Ndinamuphunzitsa ndi msana uno. Lero akundithawa ngati chidebe cha zinyalala za ku wodi.

Lamulungu, 12 Meyi

Sindikudziwa poyambira.

Anabwera kompadre Higinio, amene ananyamula Idalina pa ubatizo, padrino wake, ndi akazi ake. Idalina nayenso anabwera. Ndinaotcha nyama, chinangwa chili pa moto. Podikira ndinatulutsa chikho changa cha nyanga ya ng'ombe, masamba a yerba atsopano, madzi a ayezi. Ndinathira ndekha, pakhomo ndi panga. Higinio anamwa, akazi ake anamwa, ine ndinamwa. Kufika pa Idalina, akupisa m'chikwama. Katuluka kachikho kapulasitiki kobiriwira, ndi kapaipi kakekake.

Ati, "Zikomo Papá, ndithirireni muno."

Zikomo, asanamwe nkomwe. Chibadwire sindinamvepo. Zikomo timanena titamwa, titakhuta, kuti chikho chitidumphe. Ngakhale mdani wako, mukakhala bwalo limodzi, umakoka kaye pa kapaipi komweko. Mlendo wochokera kunja ndiye amapukuta kapaipi ndi malaya, ife nkumaseka. Koma mwana wako, pamaso pa anthu?

Ndati, "Pakamwa pa bambo ako pasanduka chimbudzi?"

Ati, "Mukutsokomola, Papá."

Ndati fumbi. Higinio, kufuna kuziziritsa, ati, "Iwe Idalina, kachilombo kakalowa mwa nkhalamba iyi kamafa kokha ndi ukali. Imwa, usatichititse manyazi."

Ati, "Padrino, si mwano ayi."

Ine dzanja ndinalisiya chomwecho, chikho chili patsogolo pake. Sindinalibweze. Madzi anayamba kudonthera pa siketi yake, ine osabweza. Akazi a Higinio akuyang'ana nkhuku.

Analandira. Anakoka mpaka kapaipi kanalira pansi pa chikho, monga ndinamuphunzitsira ali wamng'ono. Nkundibwezera, osandiyang'ana. Ulendo wachiwiri anamwanso. Wachitatu ndipamene anati zikomo.

Higinio anaomba m'manja, ati mwana woleredwa ndi ameneyu. Nyama inakoma kwa ena. Iye anadya pang'ono, ati mawa akulawirira.

Kachikho kobiriwira wakaiwala pa mpando.

Lachiwiri, 14 Meyi

Si fumbi. Thupi moto, mafupa ngati andipondaponda. Ku ntchito sindinapite. Ati Anastacio nayenso wagona, ambulansi akuyendetsa munthu wobwereka.

Lachitatu, 15 Meyi

Tsiku la amayi kuno kwathu. Chaka chilichonse timapita awiri ndi Idalina kukaika maluwa pa manda a mayi ake. Sanabwere. Waimba foni, mawu osasa. Ati kachimfine chabe, ndisadandaule, nanga inuyo mwamwa chiyani? Akufunsa za ine.

Ndamuuza kuti ndili bwino. Za Lamulungu sitinatchule.

Lachisanu, 17 Meyi

Idalina amugoneka. Wandiuza ndi Ña Petrona pa foni. Ati anagwa ali pa ntchito, akusintha botolo la dripi. Chibayo, mapapo onse awiri. Ali pa mpweya, m'kachipinda kayekha ka kumapeto, kamene timaikamo osayenera kuyandikiridwa.

Ndinavala nkuthamangira. Pakhomo la wodi anandiimitsa, mtsikana amene ndinamuonetsa ndekha kokhala mabulangete atangofika. Ati, "Don Crispín, ndi chifuwa chimenecho simulowa." Ndati ndine bambo ake. Ati akudziwa, nchifukwa chake.

Zaka zonsezi ndakankha anthu osawadziwa, oledzera, obayidwa mipeni, mitembo. Mwana wanga wamukankha wina. Ati anamugunditsa pa kona ya ku X-ray, paja ndimakhota bwino ine.

Ndinabwerera kudzera kuseri kuti ndisadutse pa tebulo la Z. Pansi pa mango panali anthu. Atandiona nkhani inaduka.

Loweruka, 18 Meyi

Dokotala wake, Doctora Insfrán, wandiitana. Tinalankhulira panja pa mphepo, iye ali uko ine kuno. Ati chibayo akulimbana nacho, koma lupusi nayo yadzuka, ikufuna impso. Ndinafunsa ngati chimfine anachitenga kwa ine. Ati sangadziwe, munthu wogwira m'chipatala amachitola paliponse. Ananena mokoma mtima. Bola akanandilalatira.

Kenako ati, popeza mayi ake kulibe, ndimuthandize: ku mtundu kwathu kunakhalapo wina wotupa zala ndi mawondo, wothothoka tsitsi, wofiira masaya, wofa ndi impso ali wamng'ono?

Ndati ayi. Msangamsanga, ngati wandifunsa ngati ndinabapo.

Eulogia.

Mlongo wanga wamkulu, kumudzi. Ndinali kamnyamata. Ankavala chipewa cha bambo chifukwa dzuwa linkamuotcha nkhope, m'mawa zala sizinkapindika, ndinkamumangira ine mabatani. Kenako miyendo inatupa ngati mitsuko. Anthu anati anamulodza mkazi wina chifukwa cha mwamuna, mayi anagulitsa ng'ombe kulipira ochotsa zoipa. Anamwalira asanakwatiwe. Eulogia jakisoni sanamuonepo chibadwire. Kwathu kuja nthawi imeneyo ngakhale msewu kunalibe.

Tsiku limene ndinaona masaya a Idalina ndinawazindikira. Ndinatseka chitseko chimenecho nkukhalira. Kuloza dzanja la Z. kunali kopepuka kusiyana nkuloza magazi anga.

Mwinanso sizikugwirizana. Ine ndidziwa chiyani.

Lamulungu, 19 Meyi

Ku Misa sindinapite. Higinio waimba foni, sindinayankhe.

Lolemba, 20 Meyi

Ndamudikira Doctora poimika magalimoto ngati wopempha. Ndati Loweruka ndinanama. Ndamuuza za Eulogia zonse, ndi chipewa chomwe. Anamvetsera osandidula. Ati nthenda imeneyi chiyambi chake chenicheni sachidziwa, koma nthawi zina imayenda m'banja, ndipo si mlandu wa munthu. Ndati nanga majakisoni aja? Ati anthu akhala akufufuza zimenezo, iye sanaone umboni woti ndiwo amayambitsa lupusi. Ati zinthu ziwiri zikhoza kutsatizana osabalana.

Sindinganene kuti mtima wavomera zonse. Koma miyendo inanditengera m'khonde.

Z. anali yekha, akudya chipa, kabanzi ka chinangwa, pa tebulo lake. Ndinakhala pa benchi, nkupinda malaya.

Ati, "Ee, mikono yapuma lero?"

Ndinatambasula mkono.

Anapukuta manja, nkundiika choyezera kutentha m'khwapa. Podikira ati, "Mukuganiza kuti ine sindinadzifunse? Idalina atadwala ndinakafukula mabotolo a gulu lija, ndinaimbira foni aliyense amene ndinamubaya mwezi umenewo. Ndinalemba lipoti ku likulu ndi dzanja langa. Kulibe mankhwala opanda chiopsezo, Don Crispín, ndikudziwa kuposa inu. Koma mukanabwera kudzanditukwana pamaso, osati pansi pa mango."

Ndati pepani. Linatuluka ngati chifuwa.

Anaona choyezera chija, ati thupi likadali lotentha, sangandibaye. Ndibwere ndikachira. Ndati bayani basi, ndapinda kale. Ati, "Si chilango ichi, kapena kulapa. Kulapa nkwa abambo mfumu. Tsitsani malaya."

Anamwino a ku wodi ya ana aja amadutsa. Anandiona ndili mkono pamtunda, wosabayidwa. Mmodzi anali ndi kathonje paphewa.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ña Petrona ati Idalina wadya phala pang'ono. Ati impso sizinaipirepo, sizinachirenso.

Ndamufunsa ngati ananditchula. Ati amakolopa, samamvetsera za odwala. Bodza lake ndimalidziwa, amayang'ana ndowa.

Lachinayi, 23 Meyi

Kutentha kwatsika, chifuwa chatsala. Andilola kufika pa galasi la kachipinda kaja, osapitirira. Andipatsa chophimba kukamwa.

Wachepa. Nkhope yokha ndiyo yatupa ndi mankhwala. Timapaipi m'mphuno, dzanja lili ndi dripi. Anali maso, akuyang'ana denga. Ndinaima nthawi ndithu osagogoda. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, za Lamulungu, za azakhali ake amene sanawamvepo, koma galasi lija mawu sadutsa, ndipo kumbuyo kwanga anthu amadutsa ndi mathireyi.

Anatembenuka yekha. Anandiona. Sanamwetulire, sanayang'anenso kumbali. Tinangoyang'anana.

Kenako anakweza dzanja lopanda dripi, pang'onopang'ono, zala zake zopindika zija. Ndimati akundibayibitsa kuti ndizipita, ndinayamba kubwerera. Anagwedeza mutu. Analoza mphuno yake, nkuloza ine.

Chophimba chinali chitatsika, mphuno ili pamtunda.

Ndinachikweza. Ndinakanikiza kawaya kake ka pamphuno ndi zala zonse ziwiri mpaka kanandipweteka. Anayang'anitsitsa ngati akuyendera wodi, kenako analoza mpando umene uli panja pa chitseko.

Ndakhalapo mpaka nthawi yoona odwala itatha.