Malo a Yamikani Apita kwa Mwana wa a Tembo

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, bondo la mwana wanga Yamikani linapola.

Koma mtima wanga ukuwawa. Mukukumbukira kochi wa basiketibo amene analonjeza Yamikani malo m'timu ya ku koleji? Wasamukira kusukulu ina, ndipo watsopanoyo wasankha osewera ake, Yamikani wamusiya. Mmodzi mwa iwo ndi Dalitso, mwana wa a Tembo a ku Chipata, amene timapemphera nawo kuno kunja, ku College Park.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, azibambo onse anazungulira a Tembo, kukambirana za matimu ngati iwonso ndi makochi. Mai Tembo anandigwira dzanja nati, "Musadandaule, amake Yami, wanuyo azibwera kudzaonera, matikiti tizimupatsa." Ndinangomwetulira ndi mano okha, mumtima mukuyaka moto. Chonsecho Dalitsoyo ndine ndinkamunyamula pagalimoto kupita kokaphunzira masewerawa, mpira ukumupulumuka m'manja!

Pobwerera, Yamikani anati akusangalala naye mnzakeyo.

Mundipempherere, achemwali, nsanje yandigwira. Koma amayi musawauze msanga, paja analengeza kale mudzi wonse kuti mdzukulu wawo azioneka pa kanema. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati