Mvula ya Tsiku Limene Unabadwa

17 Juni 2024

Okondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Ine ndilipo, bondo lokha ndi limene likuvuta.

Pa 3 Juni anandiitana ku ofesi kuja ndinkayeza mvula. Tebulo langa likadali pawindo pomwe paja. Ukukumbukira mmene tinkapangira lipoti? Mawu ankatayipa kwina, masamu ndinkachita ine m'kope, zithunzi zoonetsa kuchuluka kwa mvula tinkadula ndi sizasi n'kumata ndi guluu. Nambala imodzi ikalakwika, sabata yathunthu yapita. Iwe unkakhala pansi pa tebulo n'kumatola tizidutswa ta mapepala.

Tsopano kuli mayi wina amene anzake amamutcha Magalasi. Walowetsa makope anga onse 34 mu kompyuta, ndipo masamu akuwaika m'kati mwa lipoti lenilenilo. Pakati pa mawu pali timabokosi ta masamu. Ukadina, kabokosi kamawerengera kokha, chithunzi n'kutulukira pansi pake. Ine anandiitana kuti ndizimuwerengera pomwe inki inafufutika.

Lachinayi pa 6 Juni anadina kabokosi kena, n'kuseka. Anati, "Madala, zaka 34 zonsezi mvula yambiri sinafananepo masiku awiri otsatizana, koma apa pali mamilimita 48, mawa lakenso 48. Kodi mitambo inali ndi sikelo?"

Ndinayankha kuti maso anga atopa, n'kubwerera kunyumba.

Mwana wanga, masikuwo ndi 9 ndi 10 Febuluwale 1991. Pa 8 ndinaperekeza amayi ako kuchipatala mvula ikukhuthuka, ndipo mmawa wa pa 9, nthawi yoyeza, ndinali nditakunyamula iwe m'manja. Tsikulo kunacha ndi dzuwa, ndipo mvula sinagwenso. Pa 10 ndinapeza mamilimita 96 m'choyezera, ndipo poopa abwana ndinagawa pakati. Ankadziwa ndi amayi ako okha, ndipo anapita nacho kumanda chinsinsicho.

Ndikanakhala chete, poti chiwerengero cha chaka sichisintha. Koma lipotilo likupita kwa omanga ngalande za m'misewu, ndipo iwo akufuna mvula yaikulu ya tsiku limodzi. M'makope mwanga yaikulu ndi 81. Akadalira imeneyo, madzi adzalowa m'nyumba za anthu. Komanso ukuchidziwa chikalata chili pabalaza chija, chonena kuti sindinajombepo. Ndinakhala ndikuchiyang'ana masiku atatu.

Pa 10 Juni ndinakaulula. Magalasi sanaseke. Analemba 96 ndi 0, chithunzi n'kusintha pomwepo, mzere umodzi n'kutalika kuposa yonse. Kenako anandikankhira mpando. Anati, "Lembani nokha chifukwa chake pansi pa kabokosika, Madala. Mawu ndi nambala tsopano zimakhala pamodzi."

Ndinalemba ndi chala chimodzi: "Tsikuli woyeza sanabwere. Mwana wake anabadwa."

Chikalata chija ndachotsa, koma felemu ndasunga chifukwa anagula ndi amayi ako. Chonde unditumizire chithunzi chako choti ndiikemo, cha masentimita 21 m'lifupi ndi 30 m'litali.

Upereke moni kwa amuna ako. Adzukulu angawo uwauze kuti mayi wawo anabwera ndi mvula yoposa zonse zimene agogo awo anayezapo. Amayi ako ankanena zimenezi chaka chilichonse, ine n'kumawaletsa.

Ndine bambo ako,
woyeza mvula amene anajomba tsiku limodzi.