Bambo Akukana Nsapato Zonjenjemera

Aphungu,

Bambo anga, Che Uladi, anditopetsa. Ali ndi zaka 79. Anali msodzi ku Chiuta, koma nyanja itaphwa ndinawatenga kuti tizikhala limodzi kuno ku Utale. Vuto ndi loti akungogwaigwa. Amati mapazi achita dzanzi, pansi sakupamva, ngati akuponda pa thonje.

Achimwene anga a Sadiki ali ku Joni. Nditawaimbira kuti kuno chimanga chinapsa ndi ng'amba, tikudya kamodzi pa tsiku, iwo anatumiza nsapato. Nsapato, Aphungu! Zakuda, za zingwe, m'kati muli zopondera za batire zomwe zimanjenjemera. Akuti zimadzutsa mitsempha ya kuphazi kuti nkhalamba isamadzandire. Kotchajitsa n'kwa ometa tsitsi, ulendo wa ola lathunthu.

Bambo anazivala tsiku limodzi, n'kuzivula asanafike n'komwe pa mjigo. Anati, "Iyayi, mwandiikira foni m'nsapato? Ine kumzikiti ndimapita kasanu, ndiziwerama kasanu kumasula zingwe?" Anabwerera ku mapatapata awo omanga ndi waya.

Lachiwiri lapitali kunali kulandira chimanga cha thandizo, ndipo dzina lolembedwa ndi lawo. Ndinawapempha kuti andidikire ndiweruke kuganyu, koma anazemba okha. Pobwerera, thumba lili paphewa, patapata linaduka pachigwembe, iwo n'kugwa chafufumimba. Chimanga chinamwazika mumchenga. Tinatola ndi manja tikulimbana ndi mbuzi. Dzanja lawo latupa. Ndinawakalipira anthu akuona, ndipo kuyambira tsikulo sakundilankhula. Phala lawo akumagawira adzukulu, iwo n'kumwa madzi. A Sadiki nawo akuti ndikulephera kusamala bambo. Ndiwakakamize bwanji kuti avale nsapatozi?

Z.U., Utale, Balaka.

A Z.U.,

Musawakakamize. Za nsapato mwadzaza pepala, za phala mwalemba mzere umodzi, chonsecho nkhani yagona pa phalapo. Munthu wa zaka 79 wogonera madzi adzandira basi, kaya mumuveke chiyani.

Yambani ndi dzanjalo. Mawa apite kuchipatala, mwina fupa lathyoka. Komweko mukanene za dzanzi la m'mapazi, akawayeze shuga, magazi ndi maso. Nyamulani zoponderazo adokotala akazione. Sindikuzinyoza, mwina ena zimawathandiza, koma si mankhwala, ndipo batire ikatha zangokhala zolemetsa phazi.

Pa za zingwe bambo sakunama. Ngati nsapatoyo ndi yosaterera, yopanda gogoda ndipo imagwira chidendene, chotsanimo zonjenjemerazo, mupite nayo kwa osoka nsapato akaike lamba womata, kuti pakhomo la mzikiti azingovula. Mapatapata a waya awataye okha, musawabisire. Muwasemerenso ndodo yolimba. Munthu amene anakalamba akukankha bwato ndi nsungwi sangachite nayo manyazi.

Kaonaneni ndi a komiti yogawa chimanga, muwapemphe kuti muzikalandira ndinu m'malo mwa bambo. Phala ana azidya kaye, kenako mukhale pansi ndi bambo mudyere limodzi mpaka mbale iyere.

A Sadiki auzeni mosapsatira mawu: chotsatira chikhale ufa ndi nyemba. Kulamula pa foni n'kosavuta. Ngati akuona kuti mukulephera, basi za ku Joni zimabweranso kuno.

Tsono inuyo kawapepeseni bambo, lero lomwe. Mwatopa, ndikudziwa, ganyu ndi njala sizisiya munthu ndi mtima woleza. Koma bambo sanazembe chifukwa cha makani okha. Amafuna kulowa pakhomo panu atanyamula chakudya, monga ankachitira muli mwana. Apatseni ntchito yomwe angaithe atakhala pansi, monga kuluka mikeka kapena kusoka maukonde a anthu. Mukapitiriza kuwanyazitsa pagulu adzagwanso, ndipo ulendo umenewo sadzakuuzani.

Aphungu.