Nsima imene ndinamumana Sophie

Mitundu, Lilongwe
Ogasiti 1996

Okondedwa amalume a Gilibati,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi mayi a Innocent ndi ana onse kumeneko ku Nchalo. Kodi muli bwanji? Bondo lija linkakuvutani pa maliro a mayi linasiya? Ife kuno tilipo. Bambo a Kettie amaliza kugulitsa fodya, ndipo Kettie wayamba sukulu yaulereyi, ngakhale akuphunzirira pansi pa mtengo.

Ndati tilipo chifukwa ndi mmene kalata imayambira. Zoona zake kuno kulibe mtendere, ndipo amene wauthamangitsa ndine.

Ukwati wa Sophie waima. Ankhoswe a kwa Fanuel anabwera kuchokera ku Nathenje kudzanena kuti kutchalitchi asalengezenso, tiyambe tadikira. Chodikiracho sanachitchule. Madzi akumwa anakana, n'kukwera njinga zawo. Ndikufuna mumve kwa ine mmene zinayambira, musanazimvere m'basi.

Paja pochoka pa chinkhoswe munandiuza kuti mng'ono wangayu mayi ake ndine tsopano. Mawu amenewo ndinawatenga ndi manja awiri, mwina ndinachita kuwafinya.

Mukudziwa kuti chibwerere matipate ndimagulitsa kaunjika pamsika wa Mitundu. Tsiku lina nditadula belo, pakati pa masiketi ndi mabulauzi ndinapeza diresi la ukwati. Loyera mbee, la mikanda pachifuwa, mchira wake wosesa pansi. Amayi anzanga anasiya malonda awo kudzaligwira. Ine ndinalipinda msanga, mumtima ndikuti Mulungu wakumbukira ana amasiye.

Sophie atalivala, zipi inakwera n'kuima pakati pa msana. Mukumudziwa mwana wa mlongo wanu, anatengera thupi la mayi. A Esau atelala anati akhoza kumasula m'mbali n'kuwonjezera nsalu, kungoti kuyera kwake kukasiyana pang'ono. Ndinakana, ndinati diresi la ku Ulaya silingaikidwe chigamba. Iwo anaseka n'kunena kuti pa ntchito yawo amadula nsalu, sadula munthu. Ndinawaona ngati achimidzi.

Ndisakubisireni, amalume. Ine ndi bambo a Kettie tinangolowana, popanda velo, popanda nthungululu. Diresi lija ndinkalifuna ndine. Ndinkafuna anthu a ku Nathenje adzaimirire pamabenchi kuti aone bwino, adzafunse kuti wamulera mwanayu ndani.

Ndiye ndinakumbukira adona aja ndinkawagwirira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe. Iwo akafuna kuchepetsa thupi ankasiya buledi, mpunga ndi shuga, n'kumadya nyama, mazira ndi masamba basi. Ndinamuuza Sophie kuti ifenso tichite chimodzimodzi: nsima ayi, phala ayi, mbatata, chinangwa, thobwa, zonse ayi mpaka tsiku la ukwati. Iye anaseka, nati ndiye azikagona atadya chiyani. Ndinamuyankha kuti ndiwo. Zomwe mayi ankatimenyera kuti tikusinkha ndiwo, ine ndinazisandutsa lamulo.

Chimene ndinaiwala n'choti adona aja ankadya nkhuku yathunthu n'kukagona pakhonde ndi buku. Sophie ankadya nkhwani wotendera, dzira limodzi tikalipeza, kapena tiusipa towerengeka, kenako n'kusenza ndowa, kukatema nkhuni, kukathirira kudimba.

Posakhalitsa anayamba kudandaula chizungulire. Ankati akaweramuka pamjigo amaona tinyenyezi, m'makutu mumalira, ndipo miyendo imakhala ngati wabwereka kwa munthu wina. M'mawa ankadzuka atagwira khoma. Ine ndinkamuuza kuti alimbe mtima, amenewo ndi mafuta akusungunuka. Ndinkalankhula ngati dokotala, ine wolekezera sitandade sikisi.

Tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa khola atagwira kambatata kootcha. Ndinamulanda n'kuponyera nkhumba. Anangopukuta zala pachitenje n'kupepesa. Chinthu chimenechi chikandibwerera m'maganizo ndimasowa pokhala.

Zipi inayamba kukwera, ine n'kumasangalala.

Kenaka mayi ake a Fanuel, a Felesiya, anatiitana ku Nathenje kuti amayi a mbali zonse ziwiri tikakonole chimanga cha paukwati. Tinafika dzuwa litakwera, Sophie m'mimba muli tiyi wopanda shuga. A Felesiya anamulandira ngati mwana wawo, n'kumutungira thobwa ndi manja awo. Sophie anandiyang'ana. Ine ndinapukusa mutu pang'ono. Anangonyowetsa milomo n'kupereka chikho kwa wina. Ndinaona nkhope ya a Felesiya ikusintha.

Sophie anagwira munsi, nyimbo n'kuyamba. Sanapite patali. Munsi unamupulumuka, iye n'kutsetserekera pansi pambali pa mtondo, maso atatembenuka. Amayi anathamanga ndi madzi, ena n'kumumasula bulauzi kuti apume. Apo ndi pamene onse anaona mafupa a m'khosi ndi nthiti zimene ine ndinkaziona tsiku ndi tsiku n'kumati zikuyenda bwino.

Amalume, banja limenelija linaika mwana wamkazi chaka chatha, mchemwali wake wa Fanuel. Anapita ndi matenda a masiku anowa, ataonda mpaka kumunyamula ndi dzanja limodzi. Amayi aja sankaona Sophie. Ankaona malemuwo.

Sophie atatsitsimuka, a Felesiya ananditengera kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa mwaulemu ngati mwanayu wakhala akudwala. Pamenepo ndi pamene ndikanapulumutsa zonse. Koma ndinachita manyazi kunena kuti ndakhala ndikumumana nsima chifukwa cha diresi. Ndinati ndi timalungo chabe, timapita n'kubweranso. Mawu atangotuluka ndinadziwa chimene ndachita, chifukwa amenewo ndi mawu omwe banja lililonse limanena masiku ano likamabisa wodwala.

Ankhoswe aja atabwera ndi uthenga wawo, ndinavula manyazi. Ndinakulunga diresi m'chitenje, ulendo wa ku Nathenje ndekha. Ndinagwada pamaso pa a Felesiya n'kufotokoza zonse, za belo, za zipi, za adona, ngakhale za kambatata kaja.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati iwo aona zambiri, chilala chija anadya gaga ndi chimanga chachikasu cha thandizo, koma sanaonepo munthu wamoyo akukana nsima nkhokwe ili yodzaza. Anati ngati ndafuna kuphimba matenda ndikadapeka nkhani ina yomveka. Ananenanso kuti alibe nane mkwiyo, amamukonda Sophie, koma anakumba kale manda amodzi ndipo sakufuna achiwiri. Diresi sanaligwire n'komwe.

Ndi mmene zilili. Bodza langa analikhulupirira, zoona zanga akuziyesa bodza. Ndipo sindingawadzudzule, chifukwa inenso wina akanandiuza nkhani yotere ndikanaseka.

Ndinapita naye Sophie kuchipatala. Anamupima malungo sanawapeze, anangoti magazi achepa pang'ono, azidya. Adokotala atamva chimene ndinachita anandikalipira anthu akumva, ndipo ndinaona kuti kukalipako kwachepa. Koma zimenezi ku Nathenje sizinasinthe kanthu. Nkhani yafika kale pamsika. Amayi omwe ankasirira diresi aja tsopano amatsitsa mawu ndikamadutsa, ndipo wina pamjigo anatsuka chikho kawiri Sophie atamwera.

Fanuel anabwerako kamodzi. Sanalowe m'nyumba, anaima naye pamsewu atagwira njinga. Akuti iyeyo akumukhulupirira, koma mayi ake sakugona, akungolira. Ndi mnyamata wabwino, koma nayenso mantha amugwira, ndinaona mmene ankaimira patali.

Sophie wanena yekha kuti ali wokonzeka kupita ku Lilongwe kukayezetsa magazi, iye ndi Fanuel limodzi, a Felesiya akhale pomwepo ngati akufuna. Koma mawu otere sanganyamulidwe ndi mtsikana, ndipo ine pakamwa panga panaola kale kumeneko. Bambo a Kettie ndi mkamwini, sangalowerere. Mwini mbumba ndinu, nkhoswe wake ndinu. Inu mukakhala pansi ndi akuluakulu a kwa Fanuel adzakumverani.

Chonde pemphani tchuthi mubwere, ngakhale cha masiku ochepa. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yodula nzimbe ndipo mabwana savomera msanga. Koma tikachedwa, sukhala ukwati wokha umene uthe. Dzina loti ali ndi matendawa likamumatirira, palibenso mwamuna wa kuno amene adzagogode pakhomo pathu, ndipo mwanayu sanalakwe chilichonse kupatula kumvera mkulu wake.

Mukabwera mudzandikalipire mmene mungafunire, pamaso pa anthu ngati n'kotheka. Mwina zidzandipepukira. Chimene chikundipweteka n'choti mwini wakeyo sanandinenepo kanthu. Ndikayamba kupepesa amandiletsa, amati achemwali munkafuna ndikongole.

Mundiperekere moni kwa mayi a Innocent, muwauze kuti chitenje chija ananditumizira ndinalandira. Moninso kwa Innocent ndi azing'ono ake, alimbikire sukulu. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino pamsewu.

Mukadzafika simudzavutika kumupeza Sophie. Masiku ano sadyeranso m'nyumba. Amatenga mbale yake n'kukakhala pakhonde poyang'ana msewu, kuti aliyense wopita kumsika aone kuti amadya. Mbamu iliyonse amachita kuikankha ndi madzi, misozi ili m'maso. Koma akamva belu la njinga amawongola msana, n'kutema mbamu yaikulu.

Bwerani msanga, amalume.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Lydia